Chitsamba Chimene Sichinkabala

Bambo anga a Lufeyo anazipeza zili kale
kuseri kwa nyumba ya a zankhalango ku Chongoni.
Mzungu wozibzala anali atapita ndi dzina lake lomwe,
kungotsala liwu limodzi loti holi,
limene bambo ankalitchula ngati akutsokomola.

Zinali ziwiri.
China chinkavala mikanda yofiira mu Juni,
nkhungu ikatsika m'phiri kudzakhala pakhonde,
ana akang'ambika milomo ndi chisanu.
Chinacho chinkangoima, masamba okhaokha,
onyezimira ngati apakidwa mafuta a nsatsi,
m'mbali mwake mano a macheka.

Ntchitoyi ndinaiphunzira ndi magazi a m'zala.
Masamba akachita chikasu
bambo sankathamangira ndowa.
Ankalowetsa chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri,
n'kunena: Esinta, chamwa mopitirira ichi,
mizu yake sikonda kugona m'matope.
Tinkakumba kangalande.
Tinkatola masamba ouma a paini
n'kuyala pansi pake ngati mphasa,
koma osagunda tsinde, tsinde lipume.

Chaka china kunabwera tizilombo
tokanirira kunsi kwa masamba,
tosayenda, tonga nkhanambo.
Nyerere zinkakwera ndi kutsika ngati tsiku la msika pa Lizulu,
masamba n'kuda bii, mwaye wopanda moto.
Masiku anayi, ine ndi kansanza ndi thovu la sopo,
tsamba ndi tsamba,
bambo akudula nthambi zopingasa kuti mphepo idutse pakati.
Zodulazo tinakatentha kutali.
Sindinawafunse kuti tikuvutikiranji
ndi mtengo umene chipatso chake sichidyedwa,
umene mthunzi wake sungakhalepo wopanda nsapato.

Bambo anatisiya mu Okutobala.
M'nyumbamo munalowa a Kanyumbu,
munthu wabwino ndithu, wodziwa kuwerengera.
Anaima pakati pa ziwirizo, manja m'thumba:
ichi chikubala,
ichi chikungodya manyowa.
Ine ndinali kuchigayo.
Pobwera ndinapeza chikwanje chitalankhula kale.

Timaluwa toyera tinaphuka pa nthawi yake.
Njuchi zinabwera, zinazungulira, zinapita.
Juni anafika ndi nkhungu yake yonse,
panalibe mkanda ndi umodzi womwe.
A Kanyumbu anagula feteleza,
anapopera mankhwala onunkha mpaka kukhitchini,
anandifunsa ngati ndinasiya kuthirira.
Juni wachiwiri, zii.

Ndi pamene mawu a bambo anandipeza,
mawu a tsiku lina akunola sizasi pamwala,
osandiyang'ana n'komwe:
chosabalachi ndiye mwamuna wake,
mungu wake ndi umene njuchi zimanyamula.
Ananena kamodzi kokha,
monga ankanenera zonse zofunika,
ine ndili kalikiliki kuzula munga pachala.

Ndinapita pachitsa paja.
Pansi pa udzu, m'mbali mwa khungwa lakuda,
timphukira titatu,
tofiirira, tanthete,
minga yake isanaphunzire kubaya.

Ndatitchinga ndi nsungwi.
Mnyamata wotchetcha ndamuuza kuti akafika apa azilambalala.
A Kanyumbu nditawafotokozera
anavula chipewa, anakanda m'mutu,
anayang'ana kuphiri nthawi yaitali.
Sanayankhe.
M'mawa mwake ndinapeza wilibala ya manyowa
itaimikidwa pambali pa nsungwi zanga,
ochuluka kuposa amene timphukira tingathe kudya.

Zitenga zaka, kaya zitatu kaya zisanu,
kuti mwamunayo adzachitenso maluwa.
Mkaziyo akudikira, wobiriwira, khosi lopanda mkanda.
Ine ndimafika nkhungu isanachoke,
mpango kumutu, zala zili gwa ndi kuzizira.
Ndimatembenuza masamba kuona kunsi kwake,
ndimatsata nyerere kuti ikupita kuti,
kenako ndimagwada
n'kulowetsa chala m'dothi
mpaka pa mfundo yachiwiri.